Pa seva yakale ija, aliyense wokhala ndi pasiwedi ndi bwana

Mkangano unayambira pa msonkhano wa komiti ya kopaletivi ina ya alimi kuno ku Kasungu, koma pano wafika m'magulu a WhatsApp a anyamata okonza makompyuta pa boma, ndipo ndaumvanso ukukambidwa mu minibasi yopita ku Santhe. Nkhani yake ndi seva, kompyuta imodzi yakale yomwe imakhala pakona mu ofesi, yosunga kaundula wa mamembala, ngongole za feteleza ndi mbewu, komanso ndalama zomwe mlimi aliyense ayenera kulandira akapereka soya kapena mtedza wake. Mnyamata amene amabwera kudzaikonza anauza komiti kuti makinawo akuyendera CentOS 6, mtundu wa Linux womwe eni ake anasiya kuusamalira pa 30 Novembala 2020, ndipo anapempha masiku awiri ndi kandalama pang'ono kuti aikemo wina watsopano. A wapampando anamuyankha mwaulemu ndithu: "Achimwene, makinawo akugwira ntchito, sali pa intaneti, ndipo olowamo ndi ana athu omwe. Tiwononge ndalama za alimi poopa mbava za ku Ulaya?" Ambiri anawomba m'manja.

Ine ndili mbali ya mnyamatayo, ndipo chifukwa changa ndichinena pompano. Kompyuta ya banja la Unix ikakhala zaka osalandira ma update, mpanda wolekanitsa kalaliki ndi bwana umakhala utagwa kalekale, ngakhale pa sikirini zikuoneka ngati ulipo. Aliyense amene ali ndi akaunti, ngakhale yonyozeka bwanji, muzimuwerengera kuti makiyi onse ali nawo. Komiti yomwe ikusunga ndalama za anthu pa makina otere iyenera kuwakonza, ndipo ngati singathe lero, ichepetse olowamo mpaka atsale okhawo amene ingawapatse makiyi a sefa osada nkhawa.

Kuti timvane, ndiyambe ndi mmene makinawa anapangidwira. Unix inabadwa mu 1969 ku Bell Labs ku America, m'manja mwa Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, ndipo Linux, Solaris, macOS ngakhalenso Android wa m'mafoni mwathumu onse anatengera kakonzedwe kake. M'kakonzedweka muli akaunti imodzi yotchedwa root yomwe imaloledwa chilichonse: kuwerenga fayilo ya aliyense, kuisintha, kuifufuta, ngakhale kufufuta kaundula wosonyeza kuti yafufuta. Ena onse amangoyenda m'chipinda chawochawo. Koma panali vuto. Kalaliki akafuna kusintha pasiwedi yake, kusinthako kuyenera kulembedwa m'fayilo yomwe root yekha ndiye amaikhudza. Ritchie anathana nalo popanga chizindikiro chotchedwa setuid, chomwe anachipezera patent mu 1979: pulogalamu yokhala ndi chizindikirochi imagwira ntchito ndi mphamvu za mwini wake, osati za amene waiitana. Zili ngati mesenjala amene bwana wamupatsa chidindo ndi kiyi wa sitolo kuti akatulutse thumba limodzi la feteleza. Bola achite chimene watumidwa, zonse zili bwino. Koma wina akapeza njira yomusokoneza mutu, chidindo cha bwana chija chimadinda pomwe wochenjerayo akufuna. Akatswiri amati local privilege escalation, kutanthauza kuti munthu yemwe ali kale mkati ndi udindo waung'ono wadzikweza yekha kukhala root.

Zimenezi si zachilendo. Mu 1986 katswiri wa zakuthambo Clifford Stoll, pa Lawrence Berkeley Laboratory ku California, anapatsidwa ntchito yofufuza chifukwa chake mabuku a ndalama zogwiritsira ntchito kompyuta ankasiyana ndi masenti 75. Atatsata masentiwo anapeza kuti munthu wina wa ku Hannover ku Germany, Markus Hess, ankalowa ndi akaunti wamba kenako n'kudzikweza kudzera m'kapulogalamu kosuntha makalata kotchedwa movemail, komwe kanaikidwa ndi mphamvu za root. Kapulogalamu ka makalata chabe. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa chinagwira mbalayo si alamu ayi, koma munthu wa mabuku amene anakana kunena kuti masenti 75 n'chiyani.

Tsopano titenge mfundo ya a wapampando yoyamba, yomwe ndiyo imakopa anthu ambiri: makinawo sali pa intaneti, ndipo bowo lotere, cholakwika cha mu pulogalamu chomwe munthu amadzikwezera, limafuna kuti munthu akhale atalowa kale. N'zoona, ndipo sindikutsutsa kuti seva yosalumikizidwa kunja ili pabwino kuposa yolumikizidwa. Koma tidzifunse moona mtima kuti kulowa n'kovuta motani m'maofesi athu. Pasiwedi imodzi timagwiritsa ntchito anthu anayi, ndipo nthawi zambiri imakhala italembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa kiyibodi. Wophunzira wobwera pa atachimenti timamupatsa akaunti tsiku loyamba, akachoka palibe amaitseka. Fulashi yomwe dzulo inali pa malo obenera nyimbo mumsika lero ili m'kompyuta ya msungichuma. Komanso mawu oti "sili pa intaneti" ndimawakayikira nthawi zonse, chifukwa laputopu ya mlembi yomwe imalumikizana ndi sevayo ndi yomweyo imene masana amaiyatsira hotspot ya foni kuti atumize lipoti ku Lilongwe. Choncho khomo loyamba, lomwe a wapampando akulidalira, ndi lotseka ndi chingwe cha sisala. Chitetezo chenicheni chinayenera kukhala khomo lachiwiri, loletsa wolowayo kufika pa root, ndipo limenelo ndi lomwe makina akale alibe.

Ndinene zomwe zikudziwika, kuti ena asaganize kuti tikuopsezana ndi mizukwa. Mu Okutobala 2016 kunalengezedwa bowo lotchedwa Dirty COW, lomwe linali mu kernel, mtima weniweni wa Linux, kuyambira 2007. Linux ikaona kuti mukufuna kulemba pa chinthu chomwe mwangololedwa kuwerenga, imakupatsani kope lanu kuti muzilembapo, choyambiriracho chikhale chosakhudzidwa. Zinapezeka kuti mukaipanikiza ndi zopempha ziwiri mothamanga kwambiri, nthawi ina imasokonezeka n'kukulolani kulemba pa choyambirira chomwe. Taganizirani kalaliki amene amakupatsani fotokope ya kaundula, koma mukamukakamiza mobwerezabwereza amapezeka wakupatsani kaundula weniweniyo ndi bolopeni. Amene anaulula bowoli, Phil Oester, analiona chifukwa wina anali ataligwiritsa kale ntchito pa seva yake. Mu Januwale 2021 kampani ya Qualys inaulula lina mu sudo, pulogalamu yomwe ntchito yake ndi kubwereketsa mphamvu za root kwa ololedwa okha. Linakhalamo kuyambira 2011, ndipo linkagwira ngakhale kwa munthu yemwe sali pa mndandanda wa ololedwawo. Patapita chaka, mu Januwale 2022, Qualys yomweyo inaulula PwnKit, bowo la mu pkexec, pulogalamu inanso yobwereketsa mphamvu za root, lomwe linagona mmenemo kuyambira 2009: amene anailemba ankaganiza kuti pulogalamuyo idzaitanidwa ndi dzina lake nthawi zonse, ndiye ikaitanidwa popanda kanthu inkawerenga malo olakwika. Onani madeti. Awiri omalizawa anatulukira CentOS 6 atasiyidwa kale, la sudo lija patangopita miyezi iwiri yokha. Seva ya kopaletivi ija, ngakhale akanaiyatsira intaneti lero kuti ifune zigamba zotsekera mabowowa, kwa eni ake sikubweranso kanthu.

Mfundo yachiwiri ndi ya mumtima, ndipo ndiyo inapangitsa anthu kuwomba m'manja: olowamo ndi ana athu, timawadziwa makolo awo, timapemphera nawo, kunena za mabowowa kuli ngati kuwatcha mbava. Ndikumvetsa. Kwathu kuno kukayikira mnzako pagulu si nkhani yaing'ono. Komabe ndikuona kuti mfundoyi yagwira nkhani kumchira. Amene amatetezedwa kwambiri ndi makina okonzedwa bwino ndi kalaliki wokhulupirikayo. Tiyerekeze kuti ngongole ya feteleza ya mlimi wina yafufutika, kapena makilogalamu a soya a wina akwera usiku. Komiti idzayang'ana kaundula wa makina kuti ione amene analowa. Pa makina abwino kaundulayo ndi mboni. Pa makina obooka, amene wafika pa root amatha kufufuta mapazi ake n'kusiya a mnzake, ndipo dzina lomwe lidzaoneke ndi la mtsikana amene anangosiya pasiwedi yake pa tebulo popita ku nkhomaliro. Adzadziteteza ndi chiyani, pomwe makinawo akumuloza? Akuluakulu anati khoswe wa pa mkhate sapheka, ndipo m'makopaletivi mwathu timadziwa mmene nkhani yotere imathera: sipita kupolisi, imathera m'manong'onong'o, wina n'kuchotsedwa ntchito mwakachetechete, mwina wosalakwa. Dziko lino linaphunzira mu 2013, pa Cashgate, kuti ndalama zambiri zimatuluka ndi anthu amene ali ndi malo awo mu ofesi, ndipo mbali ina ya chinyengocho inali kufufuta zolembedwa mu IFMIS, makina olipirira a boma, malipiro atachitika. Ija sinali nkhani ya bowo la Linux, ndisanamizire. Koma phunziro lake likukhudza kopaletivi yathuyi mwachindunji: munthu akatha kusintha mabuku n'kufufutanso umboni, kudalirana kokha sikusunga ndalama.

Yachitatu ndiyo yolemera, ndipo sindiipeputsa. Akuti chinthu chomwe chikuyenda usachigwire. Pulogalamu ya mabuku ija inalembedwa kalekale ndi munthu amene pano sakudziwika komwe ali, ndipo palibe angalonjeze kuti idzayenda pa Linux watsopano. Magetsi akhoza kuthima ntchito ili pakati. Bandulo ndi yodula, ndipo mlimi amene wadikira ndalama yake miyezi itatu sangamve zoti seva ikukonzedwa. Zonsezi n'zoona, ndipo ndinaonapo ndekha ofesi ina itakhala sabata yathunthu ikulemba malisiti pamanja chifukwa wina anathamangira kuika zatsopano asanasunge kope la zakale. Amene amanyoza mantha amenewa sanakhalepo ndi mzere wa alimi pakhomo. Koma taonani kuti mantha onsewa akunena za kachitidwe ka ntchitoyo, osati zoti isachitike. Linux sagulitsa: Debian, Ubuntu, Rocky Linux ndi AlmaLinux onse ndi aulere, ndipo Ubuntu wa LTS amalandira zigamba zaka zisanu osalipira kanthu. Makina akale omwewo nthawi zambiri amanyamula seva yopanda zithunzithunzi bwinobwino. Ntchito imayamba ndi kukopera disiki yonse pa ina, kuyesera pa kopeyo, ndipo yakaleyo siikhudzidwa mpaka yatsopano itaonetsa kuti ikuwerengera molondola. Pulogalamu yokalambayo ikakana, ikhoza kutsekeredwa mkati mwa makina ongoyerekezera, omwe amati virtual machine, momwe anthu sakhala ndi maakaunti, amangoifikira kudzera pa khomo limodzi. Chenjezo limodzi kwa mnyamata wathu: asasamukire ku CentOS 7 poganiza kuti ndi pafupi, chifukwa nayenso anasiyidwa pa 30 Juni 2024.

Ndipo pali zina zosafuna ngakhale tambala, zomwe zikanachitika tsiku la msonkhano lomwelo. Pa PwnKit, njira yongoyembekezera yomwe ofufuzawo anapereka inali mzere umodzi wochotsa chizindikiro cha setuid pa pkexec, ndiye kuti kumulanda mesenjala uja chidindo. Wokonza aliyense wodziwa ntchito akhoza kutulutsa mndandanda wa mapulogalamu onse okhala ndi chizindikirochi, n'kuchichotsa pa omwe ofesi siwagwiritsa ntchito. Izi sizitseka mabowo a mu kernel, ndiye musazitenge ngati mankhwala athunthu, koma zimachepetsa makomo. Mfundo yoti ndalama palibe ikanandigwira mtima komiti ikanati: chitani zaulerezo lero, zinazo tidikire tigulitse. Zomwe inanena n'zoti pasachitike kanthu, ndipo apo ndi pomwe tikusiyana.

Pali mfundo ina yomwe sinachokere kwa a wapampando koma kwa anyamata anzake a wokonzayo, ndipo ndi yanzeru. Akuti zatsopano nazonso n'zobooka. Amatchula Dirty Pipe, bowo lomwe Max Kellermann anaulula mu Malichi 2022, lomwe linkagwira ma kernel oyambira 5.8 kupita m'tsogolo, pamene akale ngati wa CentOS 6 sankakhudzidwa. Ndiye kusamuka n'kuthawa dzenje kukagwera m'chitsime? Chitsanzocho n'cholondola, koma chikutsimikiza mbali yanga. Mabowo alipo paliponse, ndipo enanso adzatulukira chaka chamawa. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa makina osamalidwa bowo likadziwika chigamba chimabwera m'masiku ochepa, pamene pa makina osiyidwa bowo lililonse lodziwika limakhala lotseguka mpaka makinawo adzafe, ndipo chiwerengero chake chimangokwera. Denga la malata atsopano likhoza kudontha, inde, koma mmisiri alipo ndipo misomali ikupezeka. Denga lomwe mmisiri wake ananena poyera kuti sadzabweranso ndi nkhani ina.

Zoti ku Kasungu kulibe amene angadziwe zimenezi sinditayapo nthawi yambiri. Mapulogalamu oyesera mabowo ndatchula aja anaikidwa poyera pa intaneti kalekale, ndipo kuwagwiritsa ntchito sikufuna digiri. Ana athu akuphunzira za makompyuta ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuni, ena akudziphunzitsa okha pa YouTube ali ku Chamama kapena ku Nkhamenya, ndipo zimenezo ndi zonyaditsa. Kungoti sitingamanyadire kuti ana athu ndi ozindikira, uku chitetezo chathu chikudalira kuti iwo akhale mbuli. Komanso si munthu yekha amene amadzikweza. Mu 2017 kunapezeka pulogalamu yoipa yotchedwa ZNIU yomwe inkagwiritsa ntchito Dirty COW kulanda mafoni a Android, popanda mwini foni kudziwa kanthu. Foni zakale zomwe sizilandiranso ma update zadzaza m'matumba mwathu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mwina wina anena kuti malamulo alipo, wolakwa adzamangidwa. Alipodi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a ena popanda chilolezo. Koma khoti limafuna umboni, ndipo tanena kale kuti umboni wa pa makina obooka ndi wosadalirika. Chinanso, malamulo sayang'ana wakuba yekha. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe MACRA ndiyo ikuliyang'anira, limaika udindo pa aliyense wosunga mbiri za anthu kuti azisunge motetezeka. Kopaletivi yokhala ndi mayina, manambala a ziphaso, manambala a foni ndi ngongole za mamembala ake siingadzichotse pamenepo. Mnyamata uja atachenjeza pamaso pa komiti yonse, ndipo mlembi atalemba m'maminitsi, palibenso amene angadzanene kuti sitinkadziwa.

Pomwe ndikugwirizana ndi a wapampando ndi pa nthawi. Kugwira seva pakati pa nyengo yogula mbewu, magalimoto akutsitsa matumba pakhomo ndipo msika wa fodya ku Chinkhoma uli mkati, kungakhale kupusa. Ntchito yotere ili ndi nyengo yake, malonda atatha koma ngongole za feteleza zisanayambe kulembedwa, ofesi ikakhala zii ndipo tsiku limodzi lolemba pamanja silipweteka munthu. Ichitike Loweruka, jenereta ili ndi mafuta, makope awiri a disiki ali m'malo osiyana, msungichuma atakhala pambali ndi mabuku a pepala kuti afananitse manambala asanavomereze. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo kupanganako kumafuna deti lenileni lolembedwa m'maminitsi, osati "tidzaona".

Podikira detilo, ndikupempha a wapampando chinthu chimodzi chomwe sichifuna bandulo ngakhale jenereta. Amuitane mnyamatayo, akhale naye limodzi pa sevayo, awawerengere mokweza maakaunti onse omwe alimo, iwo azinena kuti uyu ndikumudziwa, uyu ayi. Ndinamufunsa ngati anayesapo kuwerenga yekha. Anati anayesa, ndipo pakati pa mayinawo anapeza la msungichuma amene anasiya ntchito zaka zingapo zapitazo, akaunti yake ikadali yotsegula, komanso ina yongolembedwa kuti test, yomwe mu ofesi monse palibe akukumbuka amene anaipanga.